Mfuti ya agogo sindinaipale

Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ya agogo kwathu kwa Mbenje mu Malichi 2023, tinafukula zinthu zochepa m'matope: mtondo, mapoto awiri ndi mfuti ya gogodera. Mfutiyo inasiya kulira bambo anga asanabadwe, koma mtengo wake sunawole. Unapulumuka chifukwa cha girisi amene malemu agogo aamuna ankaupaka chaka ndi chaka, pamwamba pa mafuta a nsatsi amene makolo awo ankapaka. Zonsezo zinauma n'kusanduka chikhungwa chakuda bii.

Nditapita kutchuthi mu Okutobala, abambo aang'ono anandipatsa ntchito. "Iwe wasukulu, uipale iwale. Sandipepa ndi vanishi ndagula ku Bangula. Wogula zinthu zakale alipo ku Blantyre, ndalamazo tigulire amayi malata."

Sandipepayo ndinamuika pambali. Madzi ndi sopo ndinazipewanso, poti mtengo wakale ukamwa madzi umatupa n'kung'aluka. Ndinadalira dzuwa la ku Nsanje lomwe timalidandaula lija. Masana ndinkagoneka mfutiyo pa lata, girisi n'kuyamba kutuluka ngati thukuta. Ndinkapukuta ndi kansanza, kenako n'kuwaza phulusa losefa kuti limwe mafuta otsala usiku wonse. M'mawa ndinkasesa phulusalo ndi mswachi wakutha, m'makona n'kudonthezamo parafini pang'ono. Mawa lake girisi wina ankatulukanso. Zinanditengera masiku 9.

Tsiku lachinayi, pa kachitsulo ka m'mbali panaoneka chisoti chachifumu ndi mawu akuti TOWER. Chizindikiro chimenechi chinkadindidwa pa mfuti za asilikali a Britain, ndipo zambiri zitatha ntchito zinagulitsidwa kuno ku Africa. Pamtengo panaoneka mng'alu womangidwa ndi waya wamkuwa, komanso timizere 7 tolemba ndi mpeni.

Ndinathamangira kwa agogo aakazi. Anaseka n'kunena kuti ndi mvuu zimene zinkatha chimanga kudimba. Ine mtima sunakhazikike. M'kalasi la mbiri yakale tinaphunzira za Paul Mariano, yemwe anthu ankamutcha Matekenya, ndi asilikali ake amene ankagwira Amang'anja m'chigwa chomwechi n'kukawagulitsa ukapolo m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860. Mfuti za mtundu umenewu zinkasaka minyanga, zinkasakanso anthu. Banja lathu, monga Asena ambiri, linachokera tsidya la ku Mozambique. Ndinalimba mtima n'kufunsa: "Agogo, bwanji ngati sizinali mvuu zokha?"

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Mdzukulu wanga, agogo ako ankaipaka mafuta koma sankakonda kuikamba."

Anzanga, ife ophunzira timakonda mbiri yopalidwa ndi sandipepa. M'maasayimenti timalemba kuti makolo athu anazunzidwa, ndipo n'zoona. Koma pa nkhondo zimene zija ena anagwira mfuti, ena anathawa mfuti, ndipo zidzukulu za onsewo lero timagawana nsima imodzi ku hositelo. Girisi uja anateteza mtengo ku madzi osefukira, koma anabisanso zimene zinalembedwapo. Kuyeretsa n'kuchotsa girisi kuti zolembedwazo zioneke. Kupala n'kuchotsa zolembedwazo kuti tisafunsidwe mafunso.

Sindikunyoza abambo aang'ono. Denga la agogo likudontha ndithu, ndipo mbiri sifolera nyumba. Ine ndi amene ndimadya ndalama za banja kusukulu, choncho kukana kwanga kunawawawa. Ndinawalonjeza kuti kangachepe ka ganyu yanga yophunzitsa ana masamu ndizitumiza mpaka malata akwane. Pakadali pano ndagula atatu.

Mfutiyo ndinaipaka mafuta a nsatsi pang'ono chabe n'kuikulunga m'chitenje chakale. Timizere tonse 7 tilipo. Vanishi uja anapakira chitseko.