Durban: Kuchokera ku Grey Street Mpaka ku Umgeni

Inu abale athu amene munazolowera madzi a ku Mangochi ndi Nkhotakota, nyanja ya ku Durban musaiyese yanu. Ndi yamchere, mafunde ake ndi aukali, ndipo ana asambire pokhapo pamene alonda aimika mbendera.

Ife tinayambira pa mzikiti waukulu wa Juma mumsewu wa Grey, umene lero ukutchedwa Dr Yusuf Dadoo. Chapafupi pali msika wa Victoria, wonunkhira tsabola ndi ubani.

Koma kumene tinakhalitsa ndi ku Bluff. Amakua amene analanditsidwa kwa ogulitsa akapolo anayamba kufika mu mzindawu mu 1873, ndipo pambuyo pake anamanga mudzi ndi mzikiti wawo ku Kings Rest. M'zaka za m'ma 1960 boma la tsankho linawasamutsira ku Chatsworth, kutali ndi nyanja. Manda a makolo awo anatsala komweko, ndipo tinawachitira duwa.

Kumathero a mtsinje wa Umgeni, ku Beachwood, mitengo imamera m'matope amchere. Pansi pake pamayenda tinkhanu tadzanja limodzi lalikulu, lina laling'ono. Ana sanafune kuchokapo.