Kaseti ya ku Sizinda

Agogo aja atamwalira, katundu wawo yense anakwana m'sutikesi imodzi. Pa zonsezo, mdzukulu wawo wamkazi anangopemphapo kaseti ya mphindi 90 imene iye mwini anajambula m'chaka cha 2008 pakhonde la nyumba yawo ku Sizinda, dera la mu mzinda wa Bulawayo kumene kunkakhala anthu ogwira ntchito za njanji, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia. Agogowo anali mmodzi wa matchona otere: anachoka ku Dedza ali mnyamata, nadutsira ku Tete wapansi, ndipo sanabwererenso.

Mtsikanayo ankaphunzira sayansi ya zilankhulo, koma Chichewa sankachilankhula. Anakulira m'Chindebele, poti bambo ake anasiya chilankhulo cha makolo ali pasukulu atatopa ndi kusekedwa. Cholinga chake chinali kusamutsira mawu a m'kasetimo pa kompyuta tepi isanathe ntchito. Analumikiza wailesi ya kaseti ku kompyuta, nadina batani. Tepi inazungulira, koma masipika anangoti zii.

Mtima wake unagunda, poganiza kuti mwina tepiyo inafufutika kalekale. Atakhazikika, anakumbukira kuti mawu a m'makina amayenda ngati madzi a m'mipope: akapanda kufika, munthu amayambira kuchitsime, n'kumatsata mpope ndi mpope mpaka apeze potsekeka. Anazika mahedifoni m'wailesi momwemo, ndipo anamva agogo akutsokomola. Tepi inali bwino. Kuseri kwa kompyuta anapeza timabowo titatu: kobiriwira kotulutsira mawu ku masipika, kapinki ka maikolofoni, ndi kabuluu kolandirira mawu ochokera ku chipangizo china. Iye anali atazika nthambo m'kobiriwira. Anaisamutsira m'kabuluu, komabe kunali chete. Chotsekereza chachiwiri chinali m'kati mwa Windows XP, imene inali ndi tsamba lina loonera mawu otuluka ndi lina losankhira mawu ojambulidwa. Pa tsamba lachiwirilo kompyuta inkadikirabe maikolofoni imene kunalibe. Atasankha Line In, mzere wa pa pulogalamu ya Audacity unayamba kuvina.

Koma liwu limene linatuluka silinali la agogo. Linali lopyapyala ndi lothamanga, ngati la kamnyamata. Chifukwa chake anachipeza pokumbukira tsiku lojambulalo: magetsi anali atazima, monga zinkachitikira kawirikawiri chaka chimenecho, ndipo wailesi inkayendera mabatire otha mphamvu. Tepi ya kaseti imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi. Ikayenda pang'onopang'ono pojambula, n'kudzaseweredwa pa liwiro loyenera, liwu limakwera. Ndipo popeza mabatire ankafookerafookera, liwulo linkakwererakwerera tepi ikamapita kumapeto.

Pulogalamu ikhoza kuchepetsa liwiro, koma singadziwe mmene munthu wakufa ankamvekera. Panafunika khutu lomudziwa.

"Bambo, tabwerani mudzandithandize," anatero m'Chindebele.

Bambowo anakhala pansi monyinyirika. Mwana wawo ankatsitsa liwiro pang'onopang'ono, mpaka iwo anakweza dzanja. "Ima pomwepo. Ndi iwowo." Ntchitoyo inatenga madzulo atatu, chigawo ndi chigawo.

Kenaka anatsegula mawuwo mu Praat, pulogalamu imene Paul Boersma ndi David Weenink a ku Amsterdam anapangira ofufuza kamvekedwe ka mawu. Anaona ndi maso zimene kalembedwe ka Chichewa kamabisa: kuti "mtengo" wa m'nkhalango liwu limakwera pakati, pamene "mtengo" wa pamsika limakhala pansi. Kusiyanaku sikunawonongeke ngakhale pa tepi yothamanga ija, chifukwa liwiro limakweza mawu onse pa mlingo umodzi. Anamvanso ŵ wofewa wa mu "maŵa" ndi "kudziŵa", amene achinyamata ambiri ku Malawi salinso kumutchula, atasungika bwino m'kamwa mwa munthu amene anakhala kunja zaka zoposa 50.

Agogowo anamwalira chitupa chawo chikuwatchabe mlendo. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a matchona opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anawatsegulira njira ya unzika ndi kuika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Iwo sanakhalepo kuti aone zimenezi.

Chakumapeto kwa mbali yachiwiri ya tepi, agogo amasiya nkhani ya njanji n'kufunsa moseka ngati mkazi wawo wamng'onoyo, monga ankamutchulira mdzukulu wawo, akumva zimene iwo akunena. Pa tepipo palibe yankho. Madzulo achitatu aja, bambo ake anayang'ana masipika, nayankha m'Chichewa chimene mwana wawo anali asanawamvepo akulankhula: "Akumva, bambo. Ndikumumasulira."