Mowa Wowawa ndi Mowa Wowawasa

Dzuwa likapendeka m'malokeshoni a mu Lilongwe, anthu akumwa amalowera njira zosiyanasiyana. Ena a ku Mgona, akaweruka ku ntchito ku Kanengo, amalunjika ku tavani kukagula Chibuku. Amakaniko a pa Biwi Triangle, ngati tsiku layenda bwino, amasamba m'manja ndi kuitanitsa botolo lobiriwira lija limene aliyense amangolitchula kuti Green. Ku Chinsapo ndi ku Area 23 kuli makomo amene amayi amafulula masese m'migolo, ndipo odziwa makomowo safuna chikwangwani.

Onsewa akumwa mowa, koma sawerengedwa mofanana. Wogwira botolo amayesedwa wophunzira ndi wotsogola, pamene wogwira chipanda amayesedwa wotsalira. Chifukwa cha ichi alipo amuna ambiri amene amameza mowa wa m'botolo ngati mankhwala, osaukonda konse, koma akuopa kunena. Kodi munthu wosakonda mowa wowawa walakwa chiyani?

Chichewa chili ndi mawu awiri oyandikana amene amathandiza pa nkhaniyi, ndiwo kuwawa ndi kuwawasa. Kwinini amawawa, ndulu imawawa. Malambe amawawasa, mandimu amawawasa, chambiko nachonso chimawawasa. Masese ndi mowa wowawasa. Mowa wa m'botolo ndi wowawa. Kusiyana kumeneku kumayambira pa kafululidwe.

Mayi wofulula masese amayamba ndi chimera. Amaviika chimanga, mawere kapena mapira m'madzi, nazivundikira kufikira zitamera, kenaka amaziyanika ndi kuzisinja. Amaphika phala m'mgolo, ndipo likazizira pang'ono amathiramo chimera chija. Chimera chimasandutsa phalalo kukhala lamadzimadzi ndi lotsekemera. Apa ndipo pamachokera thobwa, limene ngakhale ana amamwa. Koma akalisiya masiku angapo, tizilombo tosaoneka ndi maso timayamba ntchito yake. Tina timasandutsa kutsekemera kuja kukhala ukali woledzeretsa. Tina, tofanana ndi timene timasasitsa mkaka, timabweretsa kuwawasa. Mowa wotere ndi wamoyo. Kukoma kwa lero si kwa mawa, ndipo ukakhalitsa umangotayidwa.

Azungu nawonso amayamba ndi chimera, koma chawo ndi cha balere. Amasefa, natsala ndi madzi otsekemera okhaokha, ndipo powiritsa madziwo amathiramo maluwa a chomera chotchedwa hops. Chomerachi chimayanga pa zingwe ngati nyemba, ndi kukwera kupitirira denga la nyumba. Maluwa ake ndi obiriwira, ndipo m'kati mwake muli kaufa kachikasu kamene kakawira kamawawa. Hops amafuna maiko amene masana a nyengo yotentha ndi aatali, monga Germany ndi kumpoto kwa America. Ku South Africa amalimidwa pafupi ndi tauni ya George.

Tsono chinthu chodabwitsa ndi ichi. Hops amaletsa tizilombo tija tosasitsa kuti tisaswane, ndipo n'chifukwa chake ofulula a ku Ulaya anawakonda, pakuti mowa wawo unayamba kukhalitsa ndi kuyenda maulendo aatali. Ndiye kuti chimene mayi wa ku Chinsapo amachilandira m'mgolo mwake, wofulula wa ku Ulaya amachithamangitsa ndi hops. Munthu amene lilime lake linakulira pa mowa umodziwo sangayembekezeke kuvina ndi chimwemwe atalawa winawo.

Ngakhale Angerezi sanaulandire msanga. Makolo awo ankamwa mowa wopanda hops, ndipo wowawawu unafika ku England cha m'ma 1400 kuchokera ku maiko a Adatchi. Mu 1542 sing'anga wina wa kumeneko, dzina lake Andrew Boorde, anaunyoza m'buku lake monga chakumwa cha alendo chosayenera Mngerezi. Panapita mibadwo kuti anthuwo azolowere.

Ku Malawi mowa wa m'botolo unafala kuyambira mu 1968, pamene kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre. Imeneyi inali fakitale yake yoyamba kunja kwa dziko la Denmark. Mu 2016 gawo lalikulu la kampaniyo linagulidwa ndi Castel, koma dzina la Green linakhalabe pakamwa pa anthu. Chibuku ndi masese ofululidwa m'fakitale. Anachiyambitsa ndi Max Heinrich ku Kitwe m'zaka za m'ma 1950, ndipo dzinali linachokera ku buku limene ankalembamo kafululidwe kake. Motero mowa wa pa mudzi nawo uli ndi buku lake, ndipo odzitama ndi sukulu ayenera kukumbukira zimenezi.

Ku Kawale kuli mkulu wina, mmisiri wa matabwa, amene anachokera cha ku Mitundu ali mnyamata, pa nthawi imene likulu la dziko linkamangidwa, lisanasamuke ku Zomba mu 1975. Masiku amenewo ankacheza ndi makalaliki, ndipo pa malipiro ankagula Green monga anzakewo. Botolo lililonse linkamuwawa. Ankalimaliza msanga kuti chilango chithe, anzake n'kumayesa kuti walikonda, namugulira lina. Anachita zimenezi zaka zingapo. Atakwatira, ndalama zitayamba kukhala ndi ntchito zambiri, anaona kuti n'kupusa kulipira mtengo wokwera pa chinthu chosamukomera. Anabwerera ku masese, ndipo makalaliki ena anasiya kumuitana.

Mkuluyu ali ndi mphwake, mwana wa mlongo wake, amene anamuphunzitsa sukulu ndi ndalama za mipando ndi zitseko. Mnyamatayo anapeza ntchito ku Cape Town. Pobwera kudzakonza za chinkhoswe chake, anawatengera amalume ake mabotolo asanu ndi limodzi a mowa wotchedwa IPA.

Dzinali ndi chidule cha India Pale Ale. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, wofulula wina wa ku London, George Hodgson, ankagulitsa mowa wopita kwa Angerezi okhala ku India. Sitima zinkayenda miyezi ingapo, kuzungulira kumwera kwa Africa, ndipo mowa wa hops wambiri ndiwo unkafika uli bwino. Masiku ano ofulula aang'onoang'ono a ku America, ndi ena owatsanzira ku South Africa ndi kwina, amathira hops wochuluka koposa, osati chifukwa cha ulendo, koma pofuna kuwawa ndi fungo lake. Mowa umenewu watchuka kwambiri m'maiko amenewo. Poyerekeza ndi IPA, Green ndi mwana.

Mnyamatayo anatsegula botolo nati, "Amalume, lawani uwu. Uwu ndiye mowa umene anthu odziwa akumwa masiku ano."

Akale anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo mkuluyo anaona kuti mphatso ya mwana nayonso siikanidwa usanailawe. Ananunkhiza, namwa pang'ono, nakhala chete. Kenaka anati, "Iwe, fungo lake n'labwino, ngati munthu wasenda nyumwa. Koma pakhosi pano pali ngati ndatafuna masamba a nimu. Kodi wamva kuti ndikudwala malungo?"

Mnyamatayo anaseka nati, "Lilime lanu silinaphunzire, amalume. Mukamwa kangapo muzolowera."

Mawu amenewa anatuluka mopepuka, koma anagwera pa chilonda. Mkuluyo analekeza sukulu ali wamng'ono, ndipo kuwerenga anakuphunzira ali kale ndi ndevu. Kumva kuti ngakhale lilime lake ndi losaphunzira, kuchokera kwa mwana amene iye yemwe anamulipirira fizi, kunamuwawa kuposa mowawo. Sanayankhe. Anaika botolo pansi pa mpando, nayamba kufunsa za ulendo.

Kunena zoona, mnyamatayo sananame pa zonse. Lilime limazolowera. Mwana wamng'ono amalavula luni ndi mnadzi, koma akakula amazifuna yekha, ndipo nkhalamba ina siikhuta popanda ndiwo zowawirako. Ndipo chikondi cha mnyamatayo pa IPA sichinali chonamizira. Ankaukondadi, ndipo anaunyamula ulendo wonse wa basi pofuna kukondweretsa amalume ake. Amene amati aliyense womwa mowa wa m'botolo ndi wonyada akulakwa.

Koma kuzolowera si ngongole imene munthu ayenera kubweza. Ndiponso malilime sabadwa ofanana. Mu 1931 katswiri wina wa mankhwala ku America, Arthur Fox, ankathira ufa wa mankhwala otchedwa PTC m'botolo, ndipo wina unauluka m'chipindamo. Mnzake anadandaula kuti ufawo ukuwawa kwambiri, koma Fox sanamve kanthu. Atayesa anthu ambiri, anapeza kuti ena amamva kuwawako ndipo ena samva, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti khalidweli munthu amatengera kwa makolo. Lero akatswiri amati munthu ali ndi mitundu pafupifupi 25 ya timbali tomvera kuwawa. Kuwawa kwa PTC si kwa hops ayi, koma nkhaniyi ikuonetsa kuti anthu awiri omwera chikho chimodzi akhoza kumva zinthu ziwiri, onse akunena zoona. Ndipo lilime lokana kuwawa silopusa. Ndilo limachenjeza munthu kuti chinangwa chowawa chili ndi poizoni, ndipo chiyenera kuviikidwa chisanadyedwe.

Za kachasu ndi zakumwa zaukali zotchipa siziloŵa m'nkhani ino, pakuti womwa zimenezo kawirikawiri safuna kukoma koma kuledzera. Mu 2015 boma linaletsa mowa wa m'timasacheti chifukwa unkaononga achinyamata, ngakhale ana a sukulu. Pamenepo palibe kunena kuti aliyense ali ndi chokonda chake.

Mkangano weniweni unabuka patapita masiku awiri, pokonza za zakumwa za pa chinkhoswe. Mnyamatayo anati pakhale thobwa, zoziziritsa kukhosi ndi Green basi. Masese asaoneke, pakuti kudzabwera anzake a m'maofesi, ndipo akuchikazi ndi anthu a ku Area 25 odziwa za m'tauni.

Mkuluyo ndiye nkhoswe. Popanda iye mwambowo sungachitike, ndipo onse anadziwa zimenezi. Akanafuna, akanangonena kuti sadzapita. Koma anati, "Ine ndidzabwera, pakuti ndi udindo wanga. Koma iwe upite wekha ku Mitundu ukawauze agogo ako kuti chimene amamwa n'chochititsa manyazi. Ukawauzenso kuti mowa umene tinafulula pa bona la bambo ako unali wa anthu osaphunzira. Ine mawu amenewo sindinganyamule."

Apa mkuluyo anakhudza chinthu chimene botolo lilibe. Masese ndiwo ankaitanira anthu ku dima kukalima munda wa mnzawo. Masese ndiwo amatsiriza maliro. Chipanda chimayenda kuchokera m'manja kupita m'manja, ndipo mwini mowa amayamba walawa kuti alendo amwe mtima uli m'malo. Botolo munthu amagwira lake, namwa yekha, ngakhale ali pakati pa anzake. Wonyoza masese amayesa kuti akunena za chakumwa chokha, koma womva amamva kuti akunyozedwa ndi iye pamodzi ndi kwawo.

Mnyamatayo anakhala tsiku lonse osalankhula. Ku Mitundu sanapite. Mayi ake ndiwo anadula mlandu, monga amachitira amayi, osafunsa munthu. Anatumiza mawu kwa mng'ono wawo ku Chinsapo kuti aviike chimera.

Chinkhoswe chinachitika Loweruka ku Area 25. Anthu a mpingo, amene anali ambiri ndithu, anamwa thobwa ndi Fanta, ndipo za mowa sanafune n'kumva komwe. Mwambo utatha, amuna ena anazungulira kuseri kwa nyumba, kumene kunali makireti a Green ndi mgolo wa masese pansi pa mtengo wa mango. Mmodzi mwa anyamata a m'maofesi aja anamasula tayi, napempha chipanda, nati papita zaka asanalawe mowa wa kwawo.

Mkulu wa ku Kawale anali atabweretsa mabotolo asanu a IPA otsala aja, atawakulunga m'nyuzipepala, poti kunyumba kwake analibe ntchito. Anthu atatu analawa nabweza. Koma panali gogo wina wa kuchikazi, wochokera ku Dowa, amene sanalowepo m'kalasi chibadwire. Gogoyo anamwa pang'onopang'ono mpaka botolo linatha, nanyambita milomo, nati mowawo ukumukumbutsa mnadzi umene malemu mayi ake ankaphika wopanda matimati. Kenaka anafunsa ngati lilipo lina.

Mkuluyo anamupatsa onse otsala, nakhala pansi pafupi ndi mgolo.