Manambala a Farao m'Tinjira ta Kalikiliki

Minibasi ya ku Mtendere ikakutsitsa, Kalikiliki umalowamo ndi miyendo. Tinjira take n'topapatiza, miyala ili yakayaka pansi, ndipo galimoto ikatulukira aliyense amakanirira kukhoma. Mbali zonse kuli tuntemba: makala m'timapepala, tomato wounjika, kapenta, timabokosi totumizira ndalama. Chapatali pang'ono mipanda italiitali ya ku Ibex Hill imaonekera.

Pakhonde la shopu yobetchera mpira ndinapeza anyamata ataunjikana pa foni imodzi. Ndinkayesa akuonera zigoli, koma ayi, inali vidiyo ya piramidi yaikulu ya ku Giza.

“Ba mudala, onani apa,” anatero mmodzi. “Piramidi ili pa 29.9792, liwiro la kuwala ni 299,792. Aba sanali anthu.”

Manambalawo ngoona. Mzere wa madigiri 29.9792 kumpoto umadutsadi pa piramidi ya mfumu Khufu, ndipo kuwala kumathamanga makilomita 299,792 pa sekondi. Koma mita anaipanga ku France m'zaka za m'ma 1790, pamene piramidi inamangidwa cha m'ma 2560 Yesu asanabadwe, ndi anthu oyeza ndi mikono ndi zikhatho. Komanso chimwala chotambalala mamita 230 mbali iliyonse chimadutsidwa ndi mizere yambirimbiri ya pamapu. Wofuna nambala yake amangosankhapo umene wamukomera. Mawu akuti “sanali anthu” ndiwo anandiwawa. Mwana wa mu Afirika, atakhala pakati pa nyumba zomangidwa ndi manja a makolo ake, akukana kuti Aafirika anzake akanatha kusanja miyala.

Kutsetserekera kudamu, nyimbo zimakulandira kuchokera m'matchalitchi a malata, ndipo pamakoma pamatidwa zithunzi za aneneri olonjeza kuulula zobisika. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti nkhani ya manambala a piramidi si yachilendo kwathu kuno. Inatifika kale, foni kulibe.

Mu 1859 Mngelezi wina, John Taylor, analemba kuti miyeso ya piramidi inachokera kwa Mulungu. Charles Piazzi Smyth, katswiri wa nyenyezi wa ku Scotland, anaikuza mfundoyo m'buku lake la mu 1864. Flinders Petrie atapita ku Giza mu 1880 n'kuyeza mosamala, anapeza kuti manambala a Smyth sakugwirizana ndi miyalayo, koma mphekesera inali itawoloka kale nyanja. Ku America, Charles Taze Russell wa Watch Tower analemba mu 1891 kuti utali wa tinjira ta m'kati mwa piramidi ukuchitira umboni nthawi za m'Baibulo, inchi imodzi kuimira chaka chimodzi. Kanjira kena kanalembedwa kuti n'ka mainchesi 3416. M'mabuku osindikizidwa pambuyo pake kanatalika n'kufika 3457, kuloza cha ku 1914. Mwala sunakule. Chinakula ndi chikhumbo cha woyeza.

Mabuku a Russell anafika kwa mlaliki wina, Elliot Kamwana, kudzera mwa Joseph Booth ku Cape Town. Kamwana atabwerera kwawo ku Nkhata Bay mu 1908, anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yochepa, akulalikira kuti mu 1914 ulamuliro wa dziko lino utha, msonkho nawo utha. Anthu otopa ndi msonkho wa atsamunda anali ndi chifukwa chomveka chomumverera, ndipo ine sindiwaseka. Boma linamuthamangitsa m'dziko mu 1909, ndipo anadzaloledwa kubwerera mu 1937. Chaka cha 1914 chinabwera ndi nkhondo ndi mtengatenga. Ulaliki wa Watch Tower, umene anthu ankautcha Chitawala, unafalikira mpaka kuno, kumene nthawiyo kunkatchedwa Northern Rhodesia, ndipo a Watch Tower eni ake anadzataya chiphunzitso cha piramidi mu 1928.

Chakumunsi, kufupi ndi madzi obiriwira a damu, amayi anali kuphwanya miyala ndi hamala, milu ya timiyala ili pambali kudikira ogula. Pafupi pomwepo mmisiri wachikulire ankayala maziko a nyumba ya zipinda ziwiri. Ndinaima nthawi yaitali. Zida zake zinali chingwe, zikhomo, tepi, ndi paipi yoonekera m'kati yodzaza madzi yopimira levulo. Pofuna kona yowongoka anayeza 3 mbali iyi, 4 mbali inayo, n'kusuntha chikhomo mpaka pakati pakwane 5.

“Bambo, masamu amenewa munaphunzira kuti?” ndinafunsa.

“Kwa amene anandiphunzitsa ntchito,” anayankha osadzutsa mutu.

Mmisiri ngati ameneyu angamve msanga chinsinsi china chimene okonda manambala a piramidi amachitama kwambiri, chakuti mukayeza kuzungulira piramidi n'kugawa ndi msinkhu wake mumapeza kawiri nambala yotchedwa pi, imene ndi pafupifupi 22 kugawa ndi 7. Mbali iliyonse inali mikono 440, msinkhu mikono 280. Mkono wa Aigupto unali zikhatho 7. Lamulo la kupendekeka kwa khoma linali losavuta kuuza wantchito: ukakwera zikhatho 7, lowa m'kati zikhatho 5 ndi theka. Tsatirani lamulo limeneli kuyambira pansi mpaka pansonga, 22 kugawa ndi 7 atuluka yekha, kaya munamufuna kaya ayi. Ndi nzeru ya pamalo a ntchito, yopatsirana pakamwa monga ya bambo a chingwe aja, ndipo kwa ine ndi yodabwitsa kuposa ya m'vidiyo, chifukwa inasanja miyala yoposa 2 miliyoni mpaka mamita 146 popanda makona kuphonyana.

Omangawo anasiya ngakhale kaundula. Mu 2013 gulu la Pierre Tallet linafukula mipukutu ya gumbwa ku Wadi al-Jarf, m'mbali mwa Nyanja Yofiira. Mwa iyo muli zolemba za kapitawo wina dzina lake Merer, wa nthawi ya Khufu, amene ankalemba tsiku ndi tsiku za gulu lake: kupakira miyala yoyera ku Tura, kuyenda nayo pabwato mumtsinje wa Nile ndi m'ngalande, kukatsitsa ku Giza, kugona, kubwereranso. Ntchito yonseyo ankaiyang'anira Ankhhaf, m'bale wake wa mfumu, ndipo mipukutu ina ya pamalo omwewo ndi yowerengera chakudya chimene antchito ankalandira.