Mark X Yanga ndi Msewu wa ku Msanzala

Ana a Giredi 11 amene ndimaphunzitsa sayansi muno mu Lusaka ali ndi mkangano wosatha. Ena ndi a Ferrari, ena ndi a Lamborghini, ndipo pali mnyamata mmodzi wa ku Chawama amene anasankha Porsche 911, mwina pongofuna kusiyana ndi anzake. Palibe anakwerapo motoka zimenezi, ngakhale ine mphunzitsi wao. Timaziona pa YouTube, bandulo ikalola.

Mkanganowu ndimaukonda chifukwa umandipeputsira phunziro. Ndimawauza kuti Ferrari 488 injini yake ili pakati, kumbuyo kwa woyendetsa, ndiye kulemera kumagawika bwino ndipo pokhota motoka imatembenuka ngati ikuzungulira pa chiuno cha munthu. Porsche 911 injini ili kumatako kwenikweni. Pochoka pakona matayala akumbuyo amaluma msewu, koma ukachotsa phazi pamafuta mwadzidzidzi kona isanathe, makamaka zakale zija, matako amafuna kupitirira mutu. Lamborghini Huracán zambiri zimakoka ndi mawilo onse anayi, ndiye zimakhululukira wolakwitsa. Tsiku lina ndinawapatsa samu ya Bugatti Chiron, ija inatuluka mu 2016 ndi masilinda 16, yothamanga makilomita 420 pa ola. Kuchoka ku Lusaka kukafika ku Petauke ndi makilomita pafupifupi 400. Anawerengera nakuwa kuti ola limodzi silikwana.

Ine Ferrari yanga inali Toyota Mark X yakale yochokera ku Japan, ya V6, yokankha ndi mawilo akumbuyo. Ndinaigula ndi ngongole. Ngongole isanathe ndinaitsitsa pansi, ndi kuigulira marimu aakulu a matayala opyapyala. Musandiweruze msanga, anzanga a m'komboni. Mumadziwa mmene mutu umakulira anthu akacheuka pamarobots.

Mu Januwale chaka chatha amalume anaimba foni kuchokera kumudzi, ku Msanzala. Amai anali ndi malungo, mankhwala akusanza, ndipo kukiliniki anati apite kuchipatala ku Petauke. Amalume ali ndi Hilux ya dizilo, yachikale, imene amanyamulira nshawa ndi chimanga. Anati awatenga madzulo omwewo. Ine ndinakana.

"Musawakweze pachimotoka chija, amalume, chiwagwedeza. Ndibwera ndi yanga m'mawa."

Anakhala chete pang'ono. "Chabwino, aphunzitsi," anatero. Amandiitana choncho akafuna kundiseka, koma tsikulo sindinamve.

Ndinanyamuka 04 koloko pa Great East Road. Ndivomere kuti ndinasangalala, ngakhale amai anali kudwala, ndipo ndimachita nazo manyazi. Pamakona a Manenekela, usanafike pamlatho wa Luangwa, motoka inamvera chala. Ukapotoza chiwongolero pang'ono, mphuno yalowa kale. Thupi lake silinapendekeke, msewu wonse ndinali kuumva m'manja ndi pamsana, kamwala kalikonse. Chimenechi ndicho a pa YouTube aja amatama. Ku Nyimba ndinagula nthochi za amai. Ku Petauke ndinafika dzuwa lisanatenthe.

Tara itatha, zonse zimene zinandikomera zinanditembenukira. Msewu wadothi uli ndi timizere tondondozana ngati malata a denga, ndipo masipuling'i olimba aja anatumiza kalikonse m'mano mwanga. Pamatope matayala akumbuyo anali kungozungulira, matako akuvina uku ndi uku. Pansi pake panali kukhula paliponse pamene magalimoto olemera anasiya mzere wokwera pakati pa msewu. Potsikira ku kamtsinje kena ndinamva phokoso limodzi louma, kenaka kanyali kofiira kanayaka. Mwala unali utaboola sampu. Ndinazimitsa injini ndi kuonerera oilo wakuda akuyenda m'madzi a mvula.

Netiweki kunalibe. Mnyamata wina wa njinga ndiye anatenga uthenga, ndipo ndinadikira maola atatu pansi pa mtengo ndi nthochi zanga.

Hilux inatulukira ikulira ngati chigayo. Amai anali kutsogolo, atafunda chitenje, milomo itauma. Anandiyang'ana koma dzina langa sanalitchule. Amalume sanayang'ane Mark X ndi pang'ono pomwe. Anatsika, nazungulira kumawilo akutsogolo kukhoma mahabu ndi dzanja, nati maso ao saona bwino mvula ikamagwa, ndiyendetse ine. Iwo anakhala pakati kuti amai awatsamire. Kumbuyo anali ataikako matumba anayi a chimanga. Ndinafunsa ngati akukagulitsa.

"Iyai. Ikakhala yopanda kanthu imadumpha. Ameneyo ndi katundu wa amai ako."

Masipuling'i a kumbuyo kwa Hilux ndi zitsulo zosanjikiza, zopangidwira katundu, ndipo zimafewa zikalemedwa. Zimenezi ndinazidziwa kale m'buku. Sindinaganizepo kuti munthu angazigwiritse ntchito ngati mtsamiro wa wodwala.

Chiwongolero chake chinali ndi mpata. Umapotoza, palibe chochitika, kenaka motoka yavomera mochedwa ngati ng'ombe yokalamba. Giya inafuna phewa lonse. Pakona inali kupendekeka mpaka mtima kudumpha. Koma pamatope inandiuza zonse, osati m'manja ngati Mark X, koma pampando: apa pakuterera, apa yagwira. Amalume anali kulankhula motsitsa. Giya yachiwiri. Usaponde buleki. M'madzi usaime, usasinthe giya. Pamalata paja onjezako pang'ono iyandame. Ndinamvera ngati mwana wa Giredi 1.

Kuchipatala anawaika diripu nthawi yomweyo. Nesi anafunsa chifukwa chimene tinachedwera kuwabweretsa. Amalume anati msewu, ndipo sanaonjezepo. Amai anagona masiku asanu. Lachitatu lake anadya nthochi imodzi, yakuda kale.

Mark X inakokedwa ndi ng'ombe ziwiri kufika pakhomo la munthu wina, nikhala pamenepo milungu iwiri, nkhuku zikugona pansi pake.

Nditabwerera kusukulu ndinawauza ana anga kuti Ferruccio Lamborghini anayamba ndi mathirakitala mu 1948, motoka zothamanga anadzayamba mu 1963. Ndinawauzanso kuti mu 2022 Porsche inatulutsa 911 Dakar, Lamborghini nayo Huracán Sterrato, zonse zokwezedwa kuti ziyende pafumbi. Nkhani ya amai ndinaifotokoza mwachidule, ndi kudumpha za foni ija. Wa ku Chawama uja anaimika dzanja.

"Sa, nanga Hilux ija inathamanga makilomita angati pa ola?"

Ndinamuuza kuti sindinaone. Sipidomita yake inafa kalekale.