Dansi siichotsa moba, tiyeni tiwelengele

Nchito yanga ni ya m'makilabu na m'mashoo, ndiye mau aya nimawamvela pafupifupi wikendi iliyonse: "Osadandaula, moba wonse nizauchotsa pa dansi." Awe anzanga, masamu yakana.

Kalori ni muyeso chabe wa mphamvu ili m'chakudya, monga mayunitsi ya malaiti. Munthu mkulu amafuna pafupifupi 2,000 mpaka 2,500 pa tsiku. Zopitilila hafu thupi imadya ngakhale muli gone: mtima kugunda, kupuma, kusunga thupi yofunda. Bongo peka umatenga pafupifupi 20 pelesenti, olo simuganiza vanzelu.

Gilamu imodzi ya shuga kapena sitachi ili na makalori 4, mafuta 9. Alukoho ili na 7, pafupi na mafuta, koma kulibe amene amaiwelengela chifukwa siikhutitsa. Botolo imodzi ya laga ni pafupifupi 150. Mukamwa 6, ni 900, musanagwile michopo na chipisi va panja pa geti. Kuvina ola yonse mwamphamvu kungachotse mwina 400. Manje nimakuonani ine: nyimbo ziwili pa fulo, thukuta pang'ono, mwabwelela pa tebulo kuyang'ana foni.

Choipa kwambili chili ku chiwindi. Chimaona alukoho monga poizoni, ndiye chimasiya zina zonse kuti chiyambe chathana nayo. Mafuta ya michopo yaja yamayembekeza pa laini, ndipo yosagwila nchito yamasungidwa, kwa amuna maka-maka pa mimba. Mu komboni timaitcha mimba ya ubwana, timaisisita na kuseka, koma mafuta ya pamimba ndiyo yamayenda pamodzi na matenda ya shuga na BP. Mankhwala yake ni ya mwezi na mwezi, ndipo yamadya ndalama.

Nsima ine nimaiikila kumbuyo. Mnyamata wokankha wilibala ku Soweto Market tsiku lonse afunika nsima yake yonse, musamuuze vadayeti. Vuto ni imwe okhala mu buthu ya mobile money kuchoka m'mawa mpaka madzulo, koma mbale yanu ilingana na yake. Onaninso saladi: sipuni imodzi yaikulu ni pafupifupi 120, ndipo pophika tonse timangothila na maso. Vitumbuwa sinikambako.

Pa mabotolo na mapaketi ambili mupeza alemba kJ m'malo mwa makalori. Gawani nambala ija na 4, mwapeza pafupi. Koma welengani bwino, kambili imakhala ya 100ml chabe, pamene botolo ili m'manja mwanu ni 500.