Ku Glasgow Mlendo Samukakamiza Kudya

Nditakamuona mdzukulu wanga ku Glasgow, komwe ankaphunzira akukhala pa banja la azungu, anandisimbira za usiku wake woyamba. Atamufunsa za chakudya, iye, monga mwana woleredwa bwino ku Mangochi, anati "ndakhuta". Mayi wapakhomopo anachotsa mbale, mwana n'kugona ndi njala.

Makolo, musanamperekeze mwana ku Chileka, muphunzitseni kulankhula. Akanene tsiku loyamba lomwelo kuti nkhumba sadya, akapemphenso poswalira posafika galu, poti kumeneko agalu amagona m'nyumba. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 usiku, mu Disembala 4 koloko isanakwane. Nthawi za Swala akafunse ku Glasgow Central Mosque, mzikiti wa mu 1984, pafupi ndi mtsinje wa Clyde.